Chipatala cha ku England n'chaulere, koma ndalama za boma si zathu

Pali nkhani ziwiri zimene zimamveka kwambiri kumudziko zokhudza dziko lino la Britain. Yoyamba ndi yoti ukadwala sulipira kanthu. Yachiwiri ndi yoti boma limagawa ndalama kwa aliyense, ngakhale wongokhala pakhomo, moti abale ena akamapempha thandizo amayamba ndi mawu oti "paja inu mumalandira za boma." Yoyambayo ndi yoona, ngakhale ili ndi minga yake. Yachiwiriyo, kwa ife amene tinabwera pa viza ya ntchito, ndi zam'maluwa, ndipo munthu akaikhulupirira n'kukalemba fomu yopempha ndalamazo angathe kudzidulira yekha ulendo. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kumpoto kwa England, tsono chipatala cha kuno ndimachiona pawiri: ndikadwala ndekha, komanso ndikamaperekeza agogo a eni ake kukaonana ndi madokotala.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa ambiri a ife tikakhalitsa timayamba kudandaula ngati eni dziko, kuiwala mmene tinagwirira pakamwa masiku oyamba. Zipatala za boma zili pansi pa NHS, imene inayamba pa 5 July 1948, dziko litangotuluka m'nkhondo yachiwiri, anthu akugulabe chakudya ndi makadi. Nduna imene inakankha nkhaniyi inali Aneurin Bevan wa ku Tredegar ku Wales, mwana wa munthu wokumba malasha, amene nayenso analowa mumgodi ali mnyamata. Mfundo yake inali yoti munthu azithandizidwa molingana ndi matenda ake, thumba lake lisamafunsidwe. Mpaka lero wandale amene angaime pamsonkhano n'kunena kuti odwala azilipira pachipata cha chipatala, ameneyo wataya mavoti.

Mphamvu ya chipatala cha kuno imaoneka moyo ukakhala pachiswe. Bambo wina wa kutchalitchi kwathu anagwa m'bafa m'mawa, pakamwa patapotoka, dzanja lamanja litalefuka. Mkazi wake anaimba 999. A ambulansi atafika anayamba kumupima pomwepo pansi, akulankhulana ndi achipatala pafoni, moti pofika anapeza akumudikirira. Anamujambula m'mutu, anapeza kuti magazi aundana mumtsempha wa mu ubongo, anamupatsa mankhwala osungunula. Anakhala m'wodi milungu ingapo. Mayiwo anakonzeka zogonera komweko ngati gadiyani, atanyamula bulangete ndi chakudya, koma anamwino anawauza mwaulemu kuti apite akagone kunyumba. Kusambitsa wodwala, kumutembenuza, kumudyetsa, zonse ndi za ogwira ntchito, ndipo m'mawa uliwonse amabweretsa pepala loti asankhe chimene adye masana ndi madzulo. Asanamutulutse, panabwera munthu kunyumba kudzaona masitepe ndi bafa. Anakhoma zitsulo zogwirira, anabweretsa mpando wosambirapo, kenako panayamba kubwera wina womuphunzitsa kuyenda ndi wina womuphunzitsa kulankhula. Pa zonsezi, ndalama zimene banjalo linatulutsa ndi zolipirira poimika galimoto pachipatala basi. Sanagulitse kanthu, sanakongole kwa munthu.

Uchembere nawo uli chimodzimodzi. Mayi woyembekezera amakhala ndi mzamba womutsatira, amajambulidwa kuona mwana, akachira mzamba amabwera kunyumba. Mwana akakwanitsa masiku asanu amamubaya kuchidendene kutenga magazi oyezera matenda obadwa nawo, kuphatikizapo sickle cell imene imakonda ife akuda. Amapatsidwa kabuku kofiira kolembamo sikelo ndi katemera. Mankhwala a HIV ndi a TB amaperekedwa kwaulere kwa aliyense, ngakhale amene mapepala ake anatha. Izi ndazilemba dala chifukwa alipo anzathu amene amabisala ndi chifuwa poopa kuti akagwidwa.

Koma ulerewu uli ndi mwini wake woulipira, ndipo mwiniyo ndi ife amene timadzuka usiku kupita kushifiti. Pa malipiro opitirira £12,570 pachaka amadula msonkho wa 20 peresenti, n'kudulanso 8 peresenti ya National Insurance, inshuwalansi ya boma ya ogwira ntchito. Ndalamazo suziona n'komwe, umangoziwerenga papepala la malipiro. Obwera ambiri amalipiranso kachiwiri. Kuyambira 2015 pali ndalama ya zaumoyo imene umapereka pofunsira viza. Inayamba pa £200 pachaka, inakwera kufika £400, kenako £624, ndipo kuyambira February 2024 ili pa £1,035 kwa wamkulu ndi £776 kwa mwana kapena wophunzira. Amafuna ya zaka zonse za vizayo nthawi imodzi, usanakwere ndege. Banja la bambo, mayi ndi ana awiri lofuna viza ya zaka zitatu lipereka £10,866, ndipo pamenepo ya viza yeniyeniyo sitinawerenge. Ife a viza ya zaumoyo ndi chisamaliro anatichotsera ndalamayi mu 2020 nthawi ya Covid, zimene ndimayamika. Koma mnzanga wogwira ntchito ya makompyuta akamva munthu akuti chipatala cha kuno n'chaulere amangoseka.

Tsono tifike pamene pamavuta. Kuno sungodzuka n'kupita kuchipatala chachikulu kuti ndikufuna dokotala wa mafupa kapena wa amayi. Khomo lako ndi GP, dokotala wa m'dera amene unalembetsako. Kulembetsa n'kwaulere ndipo ndi chinthu choyamba kuchita ukangofika. Vuto ndi kumuona. M'malo ambiri foni amatsegula 8 koloko m'mawa, ndipo dera lonse limaimba nthawi imodzi. Umamva mawu a makina akukuuza kuti uli nambala yakuti pamzere, nyimbo ikulira, iwe uli pabasi kuchokera kushifiti ya usiku, maso ali psuu. Ukafika kutsogolo wolandira mafoni amayamba wakufunsa chimene chikukuvuta, iyeyo asali dokotala, kenako n'kukuuza kuti malo a lero atha, uyesenso mawa. Ena anasintha, amafuna ulembe vuto lako pa intaneti, zimene zimathandiza achinyamata koma agogo amene ndimasamalira zimawasowetsa mtendere. Ukamupeza dokotalayo, nthawi yako ndi pafupifupi mphindi khumi, ndipo ambiri amafuna vuto limodzi pa ulendo umodzi. Ife tinazolowera kuyamba ndi moni, kufotokoza mmene zinayambira chaka chatha, kutchula mutu, msana ndi mawondo. Kuno ukatero nthawi imatha usanafike pa chimene wabwerera. Masiku ano ndimalemba pakapepala zinthu zitatu: chikupweteka n'chiyani, chinayamba liti, chikundilepheretsa chiyani.

Obwera kumene amakhumudwa kwambiri akatuluka m'chipindamo opanda jakisoni, opanda makapisozi, atangouzidwa kuti akagule panado, azimwa madzi ambiri, abwerenso zikapitirira. Amati dokotala wa kuno ndi waulesi. Apa ine ndili mbali ya dokotala. Chimfine sichimva maantibayotiki, ndipo kuwamwa mwachisawawa n'kumene kumapangitsa kuti tsiku limene udzawafunedi asadzagwire ntchito. Chimene sindivomereza ndi pamene "bweraninso" uja wanenedwa kachitatu ndi kachinayi kwa munthu amene thupi likumuuza kuti pali china chake.

GP akaona kuti n'zofunika dokotala wamkulu, amakulembera kalata, ndipo apa m'pamene kudikira kwenikweni kumayambira. Lamulo lawo limati munthu ayambe kulandira chithandizo pasanathe milungu 18, koma papita zaka zambiri asakukwanitsa. Mu September 2023 mndandanda wa odikira ku England unafika pafupifupi 7.7 miliyoni. Akakayikira khansa zinthu zimathamanga ndithu, kalata imabwera msanga. Amene amavutika ndi a matenda osapha koma osautsa: bondo lakutha, chiuno, ng'ala, chophuka, zotupa za m'chiberekero. Mnzanga wina wa kuntchito, mayi wa ku West Africa, ali ndi zotupa zimenezi. Akakhala kumwezi amataya magazi ambiri moti amabwera kushifiti atanyamula yunifomu yachiwiri m'chikwama. Ndinamupeza tsiku lina m'chipinda chochapira atatsamira makina, milomo itayera, akudikira kuti chizungulire chithe kuti akanyamule gogo wa m'chipinda chotsatira. Amamwa mapiritsi owonjezera magazi, dzina lake lili pamndandanda wa opaleshoni, ndipo chaka chinatha akungoyang'ana m'bokosi la makalata. Kupita kuchipatala cholipira kulipo, koma opaleshoni yotere ndi mapaundi masauzande angapo, ndipo iye amalandira ndalama yotsikitsitsa yololedwa ndi lamulo, imene mu 2025 inali £12.21 pa ola. Mwa anzathu alipo amene amasunga ndalama n'kukachitidwa opaleshoni ku India kapena kwawo ali patchuthi. Ndikauza abale zimenezi sakhulupirira.

Ku A&E, kumene amalandirira odwala mwadzidzidzi, cholinga chawo n'choti 95 mwa anthu 100 aliwonse athandizidwe pasanathe maola anayi. Ku England chiwerengero chimenechi anachikwanitsa komaliza mu 2015. Samatsata amene wafika poyamba koma amene ali pangozi kwambiri, zimene n'zoyenera, koma zikutanthauza kuti wothyoka mkono angathe kuchezera pampando. M'nyengo yozizira ndaperekezako agogo amene anagona pabedi la matayala m'khonde la mkati mwa chipatala usiku wonse, magetsi akuyaka, anthu akudutsa, ine nditaima ndi bulangete kuwatchinga kuti awasinthe thewera.

Chimene chimachititsa zimenezi ndimachiona ndi maso anga kuntchito, ndipo si ulesi wa anamwino. Anthu kuno akukhala ndi moyo nthawi yaitali, ambiri kupitirira zaka 80, ali ndi matenda atatu anayi nthawi imodzi. Gogo akagwa n'kuthyoka chiuno, madokotala amamukonza bwinobwino, koma kuti atuluke pafunika munthu wokamusambitsa ndi kumuphikira kunyumba, kapena malo kunyumba yosungira okalamba. Anthu ogwira ntchito imeneyi ndi ochepa chifukwa malipiro ake ndi otsika. Ndiye gogo uja amakhalabe m'wodi atachira. Tsiku lililonse mabedi oposa 12,000 ku England amakhala ndi anthu otere. Bedi likapanda kutseguka m'wodi, wa ku A&E sasuntha; wa ku A&E akapanda kusuntha, ambulansi imaima panja ndi wodwala wake; ambulansi ikaima panja, amene wagwa kunyumba amadikira pansi. Mu September 2024 dokotala wina wotchuka, Lord Darzi, atafufuza potumidwa ndi boma ananena kuti NHS nayo ili mwakayakaya, ndipo anatchula zaka zambiri zosaika ndalama zokwanira m'nyumba ndi m'zipangizo. Anamwino ananyanyala ntchito mu December 2022, madokotala achinyamata ananyanyala mobwerezabwereza mu 2023 ndi 2024. Ambiri amatopa n'kupita ku Australia, malo awo n'kudzazidwa ndi ochokera ku India, Philippines, Nigeria ndi Zimbabwe. M'wodi ya usiku nthawi zina umamva zinenero zonse za dziko lapansi.

Mankhwala olembedwa ndi dokotala ku England amalipiritsa £9.90 pa mtundu uliwonse, kaya ndi otchipa kaya ndi odula. Ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland ndi aulere. Ana, a zaka 60 kupita m'tsogolo, oyembekezera, a khansa, a khunyu ndi a shuga amene ali pa mankhwala salipira. A BP, a mphumu ndi a sickle cell amalipira, ndipo nzeru yake pamenepa sindiimvetsa. Amene amamwa mankhwala mwezi ndi mwezi agule chiphaso cha chaka chonse cha £114.50, amapulumutsa zambiri.

Za mano ndiye musanene. Dzina lokha ndi limene lili pansi pa NHS. Wamkulu amalipira ndithu, koma vuto lalikulu ndi kupeza dokotala wa mano wolandira odwala atsopano pamtengo wa boma. Umaimba malo khumi, onse akuti tadzaza, koma mukafuna zolipira nokha bwerani mawa. Mu February 2024 ku Bristol kutatsegulidwa malo atsopano a mano, anthu mazanamazana anaima pamzere panja kukuzizira mpaka apolisi anabwera. Amene mukukonzekera ulendo, konzetsani mano musananyamuke. Sindikuseka.

Pali zina ziwiri zokhudza ife makamaka. Choyamba ndi malungo. Dokotala wa kuno angathe kugwira ntchito zaka zambiri osaonapo wodwala malungo, ndiye ukafika ndi kutentha thupi maganizo ake amathamangira ku chimfine. Ukakhala kuti wabwera kumene kuchokera kumudzi, uzinena wekha pakhomo pomwe, momveka, n'kupempha kuti akuyeze magazi. Komanso thupi likakhala kunja zaka zingapo limaiwala kulimbana ndi malungo, moti amene timati "ine ndinakulira momwemo, sandichita kanthu" ndi amene timagonekedwa. Mapiritsi oteteza paulendo timagula tokha. Chachiwiri n'chowawa. Malipoti a MBRRACE-UK, amene amafufuza imfa za amayi pa uchembere, akhala akusonyeza kwa zaka zambiri kuti mayi wakuda amakhala pangozi kuwirikiza kawiri mpaka kasanu poyerekeza ndi mzungu, malinga ndi zaka zimene awerenga. Imfazo n'zochepa ndithu m'dziko lonse, koma kusiyanako kulipo. Ife tinaleredwa kuti dokotala sayankhidwa ndipo mayi wolimba salira pobereka. Kuno kukhala chete amakuwerenga ngati uli bwino. Ululu ukakula nenani, akapanda kumva nenaninso, ndipo pitani ndi munthu wokulankhulirani.

Tsopano ndalama za boma zija. Pa viza ya ntchito, ya sukulu ndi ya banja pamalembedwa mawu oti "No public funds". Ndiye kuti Universal Credit, imene amalandira osowa ntchito ndi olandira zochepa, si yako. Thandizo la lendi si lako, nyumba ya khonsolo si yako. Child Benefit, ndalama yothandizira kulera ana, imene mu 2025 inali £26.05 pa mlungu kwa mwana woyamba ndi £17.25 kwa otsatira, nayo ayi, ngakhale mwanayo anabadwira konkuno. Pajatu kubadwira ku Britain pakokha sikupatsa mwana unzika ngati makolo onse ali pa viza. Ukalandira mwa zimenezi waphwanya malamulo a viza yako, ndipo zidzatulukira tsiku lokawonjezera kapena lopempha chilolezo chokhazikika. Safunsa anadya phula. Mnansi wachizungu angakuuze ndi mtima wabwino kuti "kalembetse, aliyense amalandira," chifukwa iye za viza sazidziwa. Usanasaine fomu iliyonse ya boma kafunse ku bungwe lopereka uphungu la Citizens Advice, n'kwaulere.

Zilipo zimene timaloledwa chifukwa zimachokera m'ntchito yathu. Ukadwala bwana amayenera kukupatsa ndalama ya odwala kwa milungu yosapitirira 28. Mu 2025 inali £118.75 pa mlungu, masiku atatu oyamba osalipidwa. Ndalama imeneyo m'mizinda yambiri imangokwana lendi ya chipinda chimodzi, gasi ndi magetsi osawerengera, chakudya osawerengera, ya kumudzi osatchula n'komwe. N'chifukwa chake mayi wa zotupa uja amabwera kuntchito akuzandima. Ya uchembere ilipo, milungu 39, isanu ndi umodzi yoyamba umalandira 90 peresenti ya malipiro ako kenako imatsika kwambiri. Sukulu ya boma ya ana ndi yaulere. Ndipo banja lokhala ndi ana likasoweratu pogwira, khonsolo ili ndi udindo pansi pa lamulo la ana la 1989 kuthandiza anawo posayang'ana viza ya makolo, ngakhale kuti amayamba akufunsa mafunso mpaka thukuta.

Chimene chimatisowetsa tulo kwenikweni n'choti viza imamangiriridwa kwa bwana. Kampani ikalandidwa chilolezo cholembera anthu akunja, wantchito amapatsidwa masiku 60 kuti apeze bwana wina kapena achoke. Pakati pa July 2022 ndi December 2024 makampani a chisamaliro oposa 470 analandidwa zilolezo. Anthu ambiri anabwera atagulitsa malo ndi ziweto kulipira madobadoba, n'kupeza kuti ntchito kulibe kapena maola ndi ochepa. Pamenepo palibe ofesi ya boma yokupatsa ya chakudya. Amene anawasunga anthuwa ndi matchalitchi, mizikiti, magulu a pa WhatsApp ndi mipando ya pabalaza ya anzawo. Mudziwenso kuti kuyambira pa 11 March 2024 osamalira okalamba obwera kumene saloledwa kubweretsa mabanja, ndipo pa 22 July 2025 boma linatsekeratu kulemba anthu a ntchitoyi kuchokera kunja. Wina akakuuzani lero kuti tumizani ndalama ndikupezereni ntchito yosamalira okalamba ku UK, gwirani thumba lanu.

Nanga eni dziko amene amalandira, akudyerera? Poyamba ndinkawaona ndi diso lansanje, ine ndikupita kushifiti iwo ali pakhonde ndi ndudu. Alipo ndithu ochenjera, ngati kulikonse. Koma nditayamba kulowa m'nyumba zawo maganizo anga anafewa. Universal Credit ya munthu mmodzi wa zaka 25 kupita m'tsogolo mu 2025 inali £400.14 pamwezi, kupatula ya lendi imene nthawi zambiri siikwana lendi yonse. Ukalembetsa umadikira milungu isanu kuti ulandire koyamba. Ukapempha kuti akutsogozere, imeneyo ndi ngongole, adzidula. Ukaphonya tsiku lokaonekera ku ofesi ya ofuna ntchito ya Jobcentre angathe kukudula. Ambiri olandira ndi anthu ogwira ntchito kale, kungoti malipiro sakwana. Bungwe la Trussell lokha linagawa maphukusi a chakudya oposa 3 miliyoni m'chaka cha 2023 mpaka 2024, m'dziko lolemera chonchi. Ndalowapo m'nyumba mozizira ngati mufiriji, gogo atavala majuzi atatu ndi chipewa, hita ilipo koma akuopa bilu. Komabe ndisanamize: wolumala amalandira ndalama yomuthandiza, ena amapatsidwa galimoto, nyumba amaikonza kuti njinga yake izilowa. Munthu akachotsedwa ntchito ana ake sasiya sukulu. Pansi pake palipo pogwera, kungoti ndi polimba.

Chimene chinandidabwitsa koposa ndi ukalamba. Khansa amachiza ulere, koma matenda oiwalaiwala, amene amafuna munthu wokuyang'anira usana ndi usiku kwa zaka, amawaika mbali ya chisamaliro, ndipo chisamaliro si chaulere. Ku England ukakhala ndi chuma choposa £23,250 umalipira wekha, ndipo malire amenewa sanasinthe chiyambire 2010. Ukalowa kunyumba yosungira okalamba, nthawi zambiri nyumba yako imawerengedwa m'chumacho. Malo ambiri amadula kupitirira £1,000 pa mlungu. Ndiye munthu amene anagwira ntchito moyo wake wonse amagulitsa nyumba, ndalama n'kuthera kulipira chipinda chimodzi chokhala ndi zithunzi za adzukulu pakhoma. Maboma akhala akulonjeza kuika malire pa ndalama zimene munthu angalipire. Dongosolo lomaliza, la £86,000, analithetsa mu 2024 lisanayambe n'komwe. Okalambawa amasamalidwa bwino m'thupi: bedi loyera, mankhwala pa nthawi yake, dokotala amabwera. Koma alipo amene mwezi umatha osaona wachibale. Siweruza ana awo msanga, chifukwa nawo ali pantchito kutali ndipo ali ndi ngongole za nyumba. Ndi ifenso tasiya makolo athu kuti tidzasamalire a anzathu.

National Insurance imene amatidula ija imatisungira penshoni ya boma. Pafunika zaka 10 kuti ulandireko kenakake, 35 kuti ulandire yonse, imene mu 2025 inali £230.25 pa mlungu. Zaka zoyambira kulandira ndi 66, zikukwera kufika 67. Ukabwerera kumudzi penshoniyo imakutsata, koma m'mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo kwathu, imaima pamtengo umene unayambira, siikweranso chaka ndi chaka ngati ya amene watsala kuno. Ndipo ukasamuka kwathunthu ufulu wa chipatala chaulere umatha, olo unadulidwa msonkho zaka makumi awiri, chifukwa amayang'ana kumene ukukhala osati zimene unapereka. Akuluakulu athu ambiri amene anamanga nyumba zabwino kumudzi akanika kubwerera pa chifukwa chimenechi: shuga ndi BP zawagwira, mankhwala ndi madokotala awo ali kuno.

Ndimalize ndi alendo, poti ambiri timaitana amayi kapena apongozi kudzathandiza mwana akabadwa. Mlendo wa viza yocheza angaonane ndi GP ndipo ku A&E amulandira osalipira. Koma akangomugoneka m'wodi kapena kumuchita opaleshoni, bilu imayamba kuwerengedwa, ndipo amalipiritsa 150 peresenti ya mtengo wake weniweni. Wobwera ali woyembekezera sangabwezedwe pobereka, koma bilu imamutsata pambuyo. Ngongole ya £500 kapena kuposa ikakhala miyezi iwiri yosalipidwa, chipatala chimadziwitsa a zolowa ndi kutuluka, ndipo viza yotsatira angamukanize. Banja lina limene ndimalidziwa likulipirabe mwezi ndi mwezi bilu ya amayi awo amene anadwala mtima ali kuno, ndipo mayiwo anabwerera kale. Inshuwalansi ya paulendo igulidwe tsiku lomwe mwagula tikiti, ndipo pofunsira mutchule matenda onse amene amayi ali nawo, BP ndi shuga yomwe, chifukwa mukabisa kampani idzakana kulipira. Abwerenso ndi mankhwala awo okwanira ulendo wonse, ali m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala.